Diresi la Mkwatibwi Latuluka Ukwati Usanachitike

Amake mwana,

Musakhale pansi, werengani kaye. Pa pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera tsamba la shopu yanu ija, ndimakonza zoti chithunzi cha diresi la mkwatibwi chidzatuluke ukwati ukatha. Ndasokoneza tsiku, chatuluka lero. Ndisanachichotse magetsi athima. Pafoni sindingalowe, pasiwedi ndinaiwala kalekale, imaikumbukira ndi kompyuta yokhayi.

Ndiye ndaisenza pamutu, ndathamangira kwa achimwene, kuli magetsi.

Muimbireni mkwatibwiyo msangamsanga, amvere kwa inu, osati kwa azakhali ake. Paja anakulumbiritsani kuti asalione munthu. Anthu ayamba kale kuyamikira, ndipo woyamba kulemba kuti "telala uyu ndi katswiri" ndi mkwati mwiniwakeyo.

Pepani ndithu. Sizasi yanu yaikulu ija musavutike kuifuna, ndaibisa.

Ine, bambo ake mwana