Chumuni ndi chifuwa cha amai

Akulu anga a Damiano,

Muli bwanji ku Kitwe? Kuno ku Chongwe tilipo, kupatula amai.

Amalume atafika kuno, ine wa ku koleji ndinkawaonetsa monyadira boila yathu ya dramu yotenthetsera madzi, utsi n'kundiliza pamaso pawo. Womanga anaika chumuni pafupi kwambiri ndi timabowo ta mpweya ta kuchipinda kwa amai. Moto ukangoyaka, amai amabanika.

Amalume anabwera kudzawazonda, koma anakonda madzi otentha nakhalitsa. M'mawa uliwonse ankafuula kuti, "Aphunzitsi, kolezani, nifuna kusamba!" Ndikati ndikane, amai ankandiletsa akutsokomola: "Ni alongo anga, usanichititse manyazi."

Tumizani paipi yaitali yotalikitsira chumuni, koma makamaka bwerani nokha, Mulungu akuyendetseni. Amalume akwera minibasi lero atayera mbee. Amai sanathe kudzuka kuti awatsanzike.

Mng'ono wanu,
Simoni