Za Zikhomo Zomwe Komiti Inawongola

MSONKHANO WA KOMITI YOONA ZA KAGWIRITSIDWE NTCHITO KA MALO

Tsiku: Lachitatu, pa 12 Febuluwale
Malo: Kalasi ya sitandade 1, pa timadesiki ta ana
Opezeka: Wapampando (a Kalipentala), Aphunzitsi, Mayi a Pagolosale, Mlembi (ine), ndi mlendo, Woyeza Malo wa ku khonsolo
Osabwera: A Bucha. Atumiza mawu oti msana wavuta. Ndawadutsa akusenda mbuzi.

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula ndi pemphero. Linatalika, poti tonse tinkadziwa chomwe chinkatidikira pambuyo pa ameni.

2. Pomwe tafika
Woyeza anati mapu a dera atha. Malo a msika, a chipatala ndi a msewu watsopano avomerezedwa. Tinaomba m'manja. Anatipempha tisiye.

3. Zovuta
Woyeza anati pa mapu msewu umakhota kuzemba dambo, koma zikhomo zake wazipeza zitafola mzere umodzi, zopakidwa laimu. Anafunsa yemwe anazisuntha. Mamembala onse anayamba kuwerenga a e i o u wa pakhoma. Aphunzitsi anati mwina ndi ng'ombe. Woyeza anafunsa ngati ng'ombe za kuno zimapakanso laimu.

Wapampando anafotokoza kuti alendo a khonsolo atatsala pang'ono kubwera chaka chatha, komiti inaona kuti zikhomozo zakhala ngati anakhoma munthu wochokera ku mowa. Tinaziwongola ndi chingwe kuti Woyeza asachite manyazi pamaso pa mabwana ake. Woyeza sanathokoze.

4. Nyumba ya Mayi Telala
Analowa osaodira Mayi Telala, amasiye a malemu mng'ono wa Wapampando. Nyumba yawo yatsopano ili pomwe msewu weniweni uyenera kukhota, ndipo khonsolo yailemba chizindikiro chofiira kuti igumulidwe.

Iwo anati: "Alamu, si inu munandilondolera ndi phazi kuti kumbani apa, msewu uli uko? Njerwa zija ndinaumba ndekha ndi ana. Lero kumjigo akunditcha wakuba malo a boma. Makasitomala akubwera kudzatenga nsalu zawo zosasoka."

Wapampando anati, "Alamu, khalani pansi." Iwo anati, "Ndikhale pansi pati, poti pomwe munandikhazika ndi pamsewu?" Apa ndinali ndi kanthabwala. Ndinakameza.

Woyeza anati msewu sungasunthe, koma zogwa ndi zipinda ziwiri zakumaso zokha. Analonjeza kupempha khonsolo idikire mvula ithe.

Zogwirizana: Komiti iumbe njerwa ndi kumanga zipinda ziwiri kuseri, zakumaso zisanagwe. A Bucha aziponda dothi.

5. Maphunziro
Panali ganizo loti komiti iphunzitse anthu kuwerenga mapu. Mayi a Pagolosale anafunsa kuti pakati pathu wophunzitsayo ndani. Tinapempha Woyeza ayambe ndi ife, m'kalasi yomwe ino, poti yatiyenera.

6. Zina ndi zina
Mayi Telala anati zipinda amva, koma dzina lawo sililowa m'chikombole. Anapempha kuti zolembazi ziwerengedwe pamsonkhano wa anthu onse, osadumpha mzere. Wapampando anafunsa ngati alipo wotsutsa. Aphunzitsi anakweza dzanja, kenaka nkukanda nalo mutu. Zinavomerezedwa. Wowerenga ndine, mamembala ataima kutsogolo, zipewa m'manja.

Msonkhano wotsatira: Loweruka, pankhuti ya njerwa. Aliyense abwere ndi khasu.

Tinatseka nthawi ya 4 koloko. Mayi Telala anatuluka osatsanzika.

Wosayina: Wapampando
Wosayina: Mlembi