Chifuwa si Fumbi, Achimwene

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana. Komatu funso la moyoli ndikulipereka kwa alamu, chifukwa inu chibadwire changa sindinakumvenipo mukuvomera kuti mwadwala. Tsiku lomwe munathyoka mkono pa njinga munauza mayi kuti mkonowo wangotopa. Ndiye alamu, ndikudziwa mukuwerenga nawo, ndiuzeni zoona: akutsokomola kapena ayi?

Kuno tikudzuka. Mwana wanga, yemwe munamutcha Loya chifukwa cha makani ake, mwezi wamawa akwanitsa chaka chimuikireni impso ya bambo ake. Impsoyo ikugwira ntchito mosanyinyirika, kusiyana ndi mwini wake wakale, amene mpaka lero akuti sangakolope chifukwa anachitidwa opaleshoni. Chovuta ndi mankhwala. Kuti thupi lisaikane impsoyo, mankhwalawo amatsitsa chitetezo cha m'thupi, moti chimfine chomwe inu mungapite nacho kuntchito mukuimba mluzu, iye chikhoza kumugoneka m'chipatala masabata awiri.

Munandifunsa kuti digiri yanga ya mapulani a mizinda ndikuchita nayo chiyani. Ndikuyeza nayo zitseko za zimbudzi. Musaseke. Pa benchi yodikirira dokotala tinadziwana mabanja atatu, tonse otopa ndi makoma a nyumba zathu, ndipo tinagwirizana kuti kamodzi pamwezi tizikapitidwa mphepo limodzi. Pano mabanja afika asanu ndi anayi. Pali Aphunzitsi, opuma ntchito, amene amayenda ndi botolo lawo la mpweya. Pali Amakaniko, amene ali pa chikuku chichitikireni ngozi. Palinso mayi wa mapasa, amene mmodzi mwa ana ake ali ndi vuto la mtima. Wopita kukaona malo tisanapiteko ndine, nditanyamula tepi ya telala. Ndimayeza khomo, ndimaona mthunzi, ndimafufuza ola lomwe anthu amachepa.

Mlonda wa paki ina anandilumbirira pafoni kuti kumeneko kulibe masitepe. Nditafika ndinawerenga khumi ndi limodzi. Iye anati amenewo ndi aang'onoang'ono, ndipo amuna awiri amphamvu akhoza kunyamula chikuku. Ndinamufunsa ngati iyeyo angakonde kunyamulidwa ngati thumba la simenti adzukulu ake akuonerera. Anandiuza kuti ndine mayi wovuta. Ndinamuthokoza, poti inu munayamba kunena zimenezo ine ndisanamere mano.

Malamulo athu ndi ochepa. Timakhala panja, mipando motalikirana, aliyense ndi kapu yake. M'galimoto mawindo ndi otsegula, masiki kumaso. Lamulo lalikulu ndinalemba ndekha ndi zilembo zikuluzikulu: amene wadzuka ndi chifuwa, kapena kukhosi kukumukanda, atsale kunyumba.

Tsono mverani manyazi anga. Mwezi wathawu, m'mawa wa ulendo, ndinadzuka kukhosi kukukanda. Ulendowo ndinaukonza masabata atatu, mipando ndinali nditalongedza kale. Ndili kubafa ndinatsegula mpopi kuti madzi abise chifuwa. Nditatuluka ndinapeza Loya ataima pakhomo, manja m'chiuno. Anandifunsa kuti chimenecho n'chiyani, ndipo ndinangomva pakamwa panga pakuyankha kuti ndi fumbi.

Achimwene, mawu amenewo sanali anga. Mukuwadziwa mwini wake.

Mukukumbukira masana a Lamlungu? Bambo ankatseka kashopu kawo ka mawotchi, n'kumanga mawotchi a anthu atatuatatu mkono uliwonse, n'kutitenga kupita ku mlatho wa njanji. Ankati sitima ya katundu ya 4 koloko ndiyo iweruze wotchi yomwe yachira. Sitimayo inkachedwa sabata iliyonse, koma iwo ankaimba mlandu mawotchi. Inu munkandinyamula pamapewa, mukuwerenga mabogi ndi kanyimbo kanu kosalongosoka kaja. Ine ndinkapeza makumi atatu ndi awiri, inu makumi atatu ndi atatu, chifukwa munkawerengera ndi mutu wa sitima womwe, mbava inu. Tinkakangana njira yonse yobwerera, bambo ali patsogolo akuseka, mawotchi akuti tiki tiki ngati anyamula nkhululu m'malaya.

Chaka chomaliza chija ankaima kawiri katatu panjira, atagwira pachifuwa. Tikawafunsa ankati ndi fumbi la njanji. Mayi ankawakakamiza za kuchipatala, iwo ankati m'banja mwathu sitidwala, timangotopa. Ife tinkanyadira kukhala ndi bambo olimba chotero. Pamene anavomera kupita, inu ndi amene munawanyamula, ndipo simunandiuzepo kuti anali opepuka bwanji. Ndinaona ndekha pankhope panu.

Ndibwerere kwa Loya. Mwana wopanda ulemuyu sanatsutsane nane n'komwe. Anangotenga foni n'kuimbira Aphunzitsi, n'kuwawerengera lamulo langa lomwe, liwu ndi liwu. Aphunzitsi, munthu amene ndinamupezera benchi ya mthunzi pa ulendo uliwonse, anagamula kuti nditsale. Tangoganizani! Ine mwini gulu, mwini tepi! Loya ndi bambo ake anandilowetsa m'kachipinda ka kuseri, chakudya n'kumandisiyira pakhomo ngati mphaka. Galimoto ndinaionera pawindo ikunyamuka, Amakaniko akundibayibitsa ndi chipewa mondinyogodola.

Pofika madzulo thupi linali moto. Chinali chimfine chenicheni, cha masiku anayi. Ndili chigonere ndinkangoganiza za kamwana ka mtima kaja, kamene kamakonda kukhala pafupi nane m'galimoto. Sindinauzepo munthu izi, ndipo mukazibwereza ndidzakana: ndinalira, ndipo sichinali chifukwa cha kupweteka kwa mutu.

Tsopano nkhani imene ndalembera. Kuno ndapeza mlatho wa njanji. Njira yake ndi yosalala, chikuku chikufika mpaka pampanda, pali mitengo iwiri ya mthunzi, ndipo Lachitatu masana sipakhala munthu. Sitima ya katundu imadutsa, ndipo imachedwa bwinobwino ngati ya kwathu. Loya wasankha kuti chaka cha impso yake tikachikumbukire kumeneko. Nkhani ya mabogi waimva kwa ine mpaka kutopa nayo, ndiye akuti akufuna malume ake abwere adzaimbe okha kanyimboko, aone ngati n'koipadi monga ndimanenera.

Bwerani, achimwene. Koma pempho langa ndi ili. Mufike masiku asanu ndi limodzi tsikulo lisanakwane, chifukwa m'basi mudzakhala mutapumirana ndi anthu makumi asanu ndi limodzi. Mudzagona m'kachipinda ka kuseri kaja. Ndakayesa ndekha, bedi lake ndi labwino, pawindo pamaoneka msewu. Loya mudzamupatsa moni muli pabwalo, iye ali pakhonde. Zomunyamula m'mwamba ngati kale ziyembekeze, ndiponso ndi wamkulu tsopano, msana wanu ungatope ngati mkono uja.

Ndipo m'mawa wa tsikulo, kukhosi kukakanda ngakhale pang'ono, mudzanene. Ndikudziwa kuti kwa mwana wa bambo athu zimenezi n'zolemera kuposa kunyamula njanji. Ine zinandikanika, anachita kundigwira. Koma wakutsina khutu ndi mnansi. Mwanayu impso ina yomupatsa tilibe.

Musaope kuti mukanena zoona mudzatsala pawindo ngati ine. Ndinapitanso ndi tepi yanga kukayeza. Tsidya lina la njanji pali kachitunda, mtunda wokwanira, mphepo imaomba kuchoka kwa ife kupita kumeneko. Aphunzitsi avomera kale. Mudzaima pamenepo nokha, mudzaimba mokweza, ife tidzakumvani sitima isanafike ndiponso ikadutsa. Mabogi amawerengeka mbali zonse ziwiri.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo muwauze kuti ndawasankha kukhala kazitape wanga. Moni kwa azakhali, muwauze kuti juzi anandilukira ija ikundikwanabe, asamve zonena anthu. Moni kwa ana onse, ndi kwa akuluakulu oyandikana nanu amene ankatibwereka pampu ya njinga. Alamu anu akupereka moni ali chikhalire, akuti sangaimirire, anachitidwa opaleshoni.

Ngati wotchi ya bambo ya lamba wofiirira ija ikadali m'kabati, muimange pamkono pobwera. Mutu wa sitima si bogi, ndipo ulendo uno ndili ndi loya.

Ine mlongo wanu wovuta uja,
Kamlomo