Mphemvu Kuseri kwa Sikirini

Achimwene,

Moni kutaliko. Kuno tonse tili bwino, galimoto yanu ndiye ndikuisamala kuposa khanda. Koma sikirini ya wailesi munkainyadira ija yandinyansa: kumangophethira, nyimbo kumasintha zokha. Ndinachotsa batire, ndinasintha fyuzi, osatheka. Amakaniko atangoimasula, mayo ine, mphemvu! Mtundu wonse, azigogo ndi zidzukulu zomwe, fungo loti mpaka lero chakudya sichikutsika.

Akuti, "Bwana, izitu zimatsata nyenyeswa. M'galimoto muno mukugona munthu?"

Ine ndinangoseka. Komatu mipando yanuyi ndi yofewa, achimwene, msana sukudandaula kwenikweni.

Sikirini yachira. Mukapeza mpata muwaimbireko alamu anu, inu amakumverani. Musanene kuti ndakutumani ndine.

Ndine mng'ono wanu, dalaivala wosagonja uja.