Simenti ya Chiliza Chanu

Amayi, kodi muli bwanji kumene munapitako? Miyendo ija inaleka kutupa? Ine kuno ndilipo, kungoti mtima sunakhale m'malo, ndiye ndati ndikulembereni.

Ndiyambe ndi za kumudzi. Achemwali a Rozina anabereka mwana wamkazi, ndipo anamutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu yeniyeni, akamalira amakwinya chipumi ngati mmene munkachitira posankha mpunga. Mpunga wa kudambo chaka chino unachitako bwino, koma chimanga chinapita ndi madzi mtsinje utasefukira. Mbuzi yanu yamawanga ija inagwidwa ndi fisi. Tinangopeza chingwe.

Nkhani yanga ndi iyi: ndinachoka pamudzi. Titameta maliro anu, nyumba yanu anapatsa achemwali ndi alamu, poti iwo ali ndi ana. Ine ndinkagona kukhitchini pamodzi ndi nkhuku. Amalume a Gerevazio nyimbo yawo inali imodzi tsiku ndi tsiku, yoti ndikwatiwe ndi bambo wa maukonde uja, amene mkazi wake anamusiyira ana asanu. Ndiye nditapeza ntchito yogulitsa m'golosale pamphambano yopita ku Mua, ndinapinda mphasa yanga, n'kutenga kapoto kamodzi. Amalume anangoti, "Pita. Mutu umodzi susenza denga, ubwera wekha." Mawu amenewo, Amayi, ndimagona nawo, ndimadzuka nawo.

Nyumba ndinaipeza kwa a Chisale, mdala wina amene ali ndi nyumba za lendi kuseri kwa msika. Chipinda ndi pabalaza, malata, babu limodzi. Tsiku limene ndinalandira malipiro oyamba ndinatseka chitseko, ndinakhala pamphasa n'kuyamba kugawa ndalama milumilu, monga munkachitira inu mukagulitsa mpunga. Mulu waukulu wa lendi. Wina wa mayunitsi a magetsi. Wina wa madzi, poti kuno pamjigo timasonkha mwezi ndi mwezi. Wa makala, wa kuchigayo, wa ndiwo, wa sopo ndi mchere. Amayi, mukudziwa kuti kuno ngakhale chisoso amagulitsa? Chisoso chomera chokha kuseri kwa khola chija! Zopala moto kwa neba kulibe, aliyense ndi machesi ake. Komabe nditagawa zonse panatsala kamulu kakang'ono, ndipo ndinati aka ndi ka amayi. Mwezi ukalola ndinkagula thumba la simenti n'kulisanjika pamatabwa pakona ya pabalaza, kuti ikafika nyengo ya ziliza, nanunso manda anu aoneke kuti mwagona munthu amene anasiya ana. Matumba anafika anayi.

Ndinkadziona wanzeru zedi. Koma milu yonseyo ndinawerengera pakamwa pamodzi, panga.

Zoti nyumbayi ili pafupi ndi chipatala cha mishoni sindinaziike m'mutu. Kumudzi atangomva kuti mwana wa Nabanda ali ndi nyumba yamagetsi ku Mua, basi, njira inatseguka. Anayamba ndi azakhali, kudzaonetsa maso awo, n'kukhala sabata yathunthu. Kenako mkazi wa asuweni a Lingisoni, kudzadikira nthawi yake yobereka, pamodzi ndi amayi ake, ndi kamwana kena kumsana. Wodwala akagonekedwa, omudikirira amadzaphika kwa ine, kusamba kwa ine, kutchaja mafoni kwa ine. Ena sindiwadziwa n'komwe, amangofika pakhomo: "Odi kuno! Iwe sungandidziwe, mayi ako tinkatunga nawo madzi." Amabwera ndi kaufa m'jumbo kokwana masiku awiri, koma matenda sawerenga masiku. Makala a mwezi wonse ankatha mwezi usanafike pakati. Mita ya magetsi inkangolira ngati mwanapiye wosochera.

Nanga ndikanawabweza? Inu amene munkati mlendo ndi mame, inu amene pophika munkaponyamo dzanja lina la ufa n'kumati ili ndi la wobwera, ine mwana wanu nditseke chitseko? Ndikawaona azimayi aja atagona pansi ndi nkhawa zawo, ndimakumbukira mmene ndinkagonera ine pansi pa bedi lanu kuchipatala komweko, ndikusowa pokuphikirani phala. Koma ndikuuzeni zoona, Amayi, mame akewa sakukamuka. Ndimakwiya. Ndimamwetulira pakhomo, mumtima ndikutukwana. Tsiku lina ndinalira kuseri kwa bafa chifukwa cha sopo, sopo weniweniyu, nditapeza watsala ngati tsamba.

Ndinayamba kutapa mulu wa lendi n'kuthira ku makala, kutapanso n'kuthira kuchigayo. Mwezi unatha osalipira, wina unathanso. Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, a Chisale anabwera n'kukhala pachigubu pakhomo panga. Si munthu woipa ayi. Anati, "Mwana wanga, nyumbayi ndinapatsa munthu mmodzi, koma chimbudzi chikudzaza ndi mudzi wonse. Miyezi iwiri tsopano. Pali mphunzitsi akuifuna, ndalama ili m'manja." Ndinadziona kale ndikutsika pakabaza kumudzi ndi kamphasa kanga, amalume ali pansi pa bwemba akuseka, bambo wa maukonde uja atavala malaya ake a Khirisimasi.

Chitseko chinali chotsegula, ndiye maso a mdala uja anagwera pakona paja. Anafunsa kuti simentiyo ndi ya chiyani. Ndinawauza. Anavula chipewa. Kenako anati, "Kuno kuchigwa simenti sisungika, mvula ikangoyamba isanduka mwala. Ndipatse, tithane za miyezi iwiriyo. Mayi ako sakuthamangira kulikonse, koma iwe ukatuluka muno ulowera kuti?"

Amayi, ndinapereka. Thumba lililonse ndinagwira nawo mbali imodzi mpaka pawilibala. Azakhali, amene anali atabweranso ndi maso awo aja, anangoyang'ana kumbali. Madzulo ake anadya bwinobwino.

Ine ndinkayesa akamangira kutali kumene sindidzaona. Kalanga ine! Patangopita masiku ochepa, pobwera kuntchito ndinapeza amisiri akusalaza khonde la nyumba zathu zomwezi, kuchokera pakhomo pa neba mpaka pakhomo panga. Simenti imene ndinkaifunditsa chitenje chanu chabuluu kuti isagwire chinyezi, lero ndi popondapo anthu. Polowa ndimaponda, potuluka ndimaponda. Masiku oyamba ndinkachita kudumpha ngati pali njoka, mpaka neba anandifunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino.

Mwezi wamawa anzathu akhala akuvundukula ziliza kumanda kwathu, kuli nyimbo, kuli thobwa. Inu mudzakhala pakati pawo ndi mulu wanu wadothi ndi kamtanda kathabwa kamene chiswe chinayamba kale kudya. Anthu adzanena, ndikudziwa. Adzati mwana wake ali pantchito, akudyerera magetsi, mayi ake anawaiwala. Ndipo ambiri onenawo ndi omwe anadya simenti yanu m'mbale zanga. Zimenezi zikundiwawa, Amayi, zikundiwawa kwambiri, moti sindikudziwa ngati ndipiteko tsikulo.

Dzulo ndagawanso milu pamphasa. Ndawonjezera wina wa alendo, ndipo kamulu kanu kasowa malo. Sindikunamizani kuti chaka chamawa, chifukwa sindikudziwa. Zimene ndingalonjeze ndi izi: sindibwerera kumudzi kukakwatiwa ndi munthu amene sindikumufuna, m'bale wanu sindidzamutsekera chitseko, ndipo chiliza chanu ndidzamanga ngakhale nditamera imvi. Pakadali pano khonde lija ndimalisesa m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito, ndimalikolopa, ndipo aliyense wobwera ndimamuuza kuti avule nsapato asanapondepo. Iwo amati ndayamba matama a m'tauni.

Ndakusowani, Amayi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Filomena