Goloboyi pa Tebulo la Mabuloko

Lamlungu, 8 Juni

Ndinagwanso dzulo. Penate yachitatu m'masewero anayi, ndipo katatu konse ndadziponya pansi womenyayo asanaufike n'komwe mpira. Wadzuloyu anachita kuima, kundiyang'ana nditagona kale m'fumbi, n'kuukankhira mbali inayo pang'onopang'ono ngati akupatsira mwana. Zaka khumi ndi chimodzi ndili pagolo la timuyi, lero miyendo yayamba kuganiza yokha.

A Kochi sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Madala, Loweruka likubwerali ndi lomaliza. Mukagwanso msanga, jezi ya nambala wani ikupita kwa Wamtali." Wamtali ndi goloboyi wathu wachiwiri, zaka 22, manja ofika m'mawondo. Nthawi yonse imene a Kochi ankayankhula, iye maso anali pa magolovesi anga.

Chikundipweteka kwambiri ndi Kabwana, mwana wanga wamkazi. Kusukulu anzake akangomuona amadzigwetsa pansi n'kumaseka. Akuti Loweruka abwera kudzaona yekha ngati akunama.

Lolemba, 9 Juni

Msonkhano m'chipinda chovalira. A Dokotala (si dokotala ayi, ndi amene amathamanga ndi chikwama cha mabandeji, koma tayesani kuwaitana dzina lina muone) abwera ndi nkhani imene awerenga pa foni. Akuti vuto langa ndi nkhawa, ndipo osewera akuluakulu amaithetsa ndi zinthu ziwiri. China ndi tayichi, masewera oyendetsa manja ndi miyendo pang'onopang'ono ngati ukusambira mumpweya. China ndi kuima pa makina onjenjemeretsa thupi lonse. Akuti mtima umakhala m'malo, ndipo munthu sugwa chisawawa.

Ndinati ine ndimanjenjemera kale popanda makina. Palibe anaseka.

A Tcheya, eni ake a timu, anaitanitsa foniyo n'kuonera kavidiyo ka mayi wina ataima pa kambale konjenjemera. Anaonera kawiri. Kenako amvekere, "Aa, zimenezi? Ndili nazo ku yadi."

A Tcheya amaumba mabuloko a simenti. Mtima wanga unangoti myuu.

Lachiwiri, 10 Juni

Labwera pa lole. Tebulo lachitsulo logwedezera simenti m'zikombole, la injini ya dizilo, simenti youma ikadali m'makona. Anthu asanu ndi mmodzi kulitsitsa. A Tcheya anapukuta pamwamba pake ndi mpango wawo n'kunena kuti buloko lodutsa apa silisweka, kuli bwanji munthu.

A Dokotala anati pa foni alemba masekondi makumi atatu. A Tcheya anati zimenezo n'za anthu ofooka, buloko labwino limafuna mphindi zisanu. A Kochi ankayang'ana kudenga.

Ndinakwera. Kaya ndilembe bwanji. Mano kugundana, masaya kuwomba m'manja. Ndinkaona a Kochi atatu, onse atatu okhumudwa. Ndinayesa kukuwa kuti zimitsani, mawu n'kutuluka ngati a mbuzi. Zingwe za nsapato zinamasuka zokha. Nditatsika ndinalunjika kukhoma, chonsecho ndimafuna chitseko.

"Mukumva bwanji?" anafunsa a Dokotala, cholembera chili m'manja.

Ndinati nkhawa ya Loweruka yatha, tsopano ndili ndi nkhawa ya mawa. Analemba m'kope mwawo kuti "nkhawa yasuntha".

Kunyumba mkazi wanga wandithirira tiyi theka la kapu. Akuti winayo ndikanangomwetsa tebulo.

Lachitatu, 11 Juni

Tayichi. Timu yonse, poti a Kochi safuna zioneke ngati akulonda ine ndekha. A Dokotala anatsamiritsa foni pa chidebe chovundikira pakati pa bwalo, ife amuna makumi awiri ndi awiri kuunjikana kutsogolo kwake, kutsanzira mkulu wina wovala zoyera m'vidiyomo. Kukweza manja pang'onopang'ono. Kukankha mpweya. Kukweza bondo limodzi.

Bondo lili m'mwamba choncho, mkuluyo anangoti njo, kuima, kamkombero kakuzungulira pankhope pake. Ifenso njo. Ndinanong'oneza kuti a Dokotala, imeneyotu ndi netiweki.

"Khalani chete, Madala. Apa ndi pamene pagona luso. Kamkomberoko kakuti pumani mozungulira."

Tinaima ndi mwendo umodzi mphindi zinayi. Osewera kutsogolo ndi amene anayamba kugwa, n'zosadabwitsa, anazolowera. Wamtali anagwera m'chidebe cha madzi akumwa. Mayi wina wodutsa pa njinga anatsika n'kufunsa ngati tikupemphera, kuti asatisokoneze. Ine, kaya n'chiyani, sindinagwe. Kenako mkulu wa zoyera uja anadzidzimuka n'kupitiriza ngati palibe chachitika.

Anaimanso kasanu. A Dokotala akuti mphunzitsi ameneyu ndi wozama zedi, sathamangira.

Lachinayi, 12 Juni

Tebulo m'mawa, tayichi masana. Chimene anandimata pa dzino zaka zitatu zapitazo chagwa. A Tcheya akuti chinali chofooka.

Wamtali wapempha kuti akwere nayenso, akuti zabwino zisamangopita kwa okalamba. Wakhalapo mphindi ziwiri n'kubweza chakudya chonse cham'mawa. Mulungu andikhululukire, ndasangalala.

Madzulo Kabwana anandipeza kukhitchini nditaima ndi mwendo umodzi, ndikudikira ketulo. Nditamufotokozera, anatenga foni ya mayi ake, n'kuipeza vidiyo yomweyo. Tinaonera yonse. Mphindi zisanu ndi imodzi basi, mkuluyo osaima olo kamodzi.

"Adadi, mwakhala mukuphunzira kwa foni yovuta," anatero. Ndinati ndikudziwa, koma usauze munthu.

Kenako anandifunsa, "Nanga n'chifukwa chiyani mumagwa msanga?"

Funso limeneli a Kochi sanandifunsepo. Ndinamuuza zoona. Ndimaopa. Ndimaopa kuti mpira udutsa ine ndili chiimire ngati mtengo, anthu n'kunena kuti Madala watha. Ukagwa, amati wayesetsa.

"Koma akuseka kale," anatero, n'kupita kukalemba ntchito yake ya kusukulu.

Ketulo inawira mpaka madzi kutsala pang'ono kuphwa. Mawu a mwana ameneyu andibaya, sindinama.

Lachisanu, 13 Juni

Lero netiweki inali bwino, ndiye mkulu wa zoyera sanaime. A Dokotala anakwiya, akuti wina wawasinthira vidiyo, iyi ndi ya ongoyamba kumene. Tinasamukira kuseri kwa zimbudzi, kumene foni imavuta, ndipo mphunzitsi anabwerera mwakale. Mphindi zisanu ndi ziwiri pa mwendo wamanzere, fungo osanena.

Pomaliza, mapenate oyeserera. Asanu. Ndagwa msanga pa atatu. A Kochi analemba kenakake m'kope. Wamtali wagula magolovesi atsopano, oyera mbee, ndipo amangowavala n'kuwavula pamaso panga.

Jezi ndaichapa ndekha. Mwina n'komaliza.

Loweruka, 14 Juni

Ndilembe manja asanaiwale.

A Tcheya anabweretsa tebulo ku bwalo, akuti lotenthetsera thupi. Ataliliza, woyimbira mpira anabwera chothamanga kudzafunsa ngati tikufuna kumanga kapena kusewera. A Tcheya anamuuza kuti akwere ayese. Anakana. Ine mphindi zanga zisanu ndinalandira, pamaso pa anthu onse.

Masewero enieniwo sindikumbukira zambiri. Chigoli chimodzi kwa chimodzi. Kwatsala mphindi zitatu, wotchinga kumbuyo wathu anatchera munthu mwendo m'bokosi, wezulo n'kulira. Penate. Ochemerera timu inayo anayamba kuimba kuti gona, Madala, gona. Pa benchi ndinaona Wamtali akuvala magolovesi oyera aja.

Miyendo inayamba kunjenjemera mwa masiku onse. Koma abale, poyerekeza ndi tebulo la a Tcheya, kumeneku kunali kunjenjemera kwa ana. Ndinachita kudabwa kuti kodi n'zomwezi zakhala zikundigwetsa?

Ndiye ndinamuona Kabwana. Pa waya wozungulira bwalo, pafupi ndi kona, mayi ake ali pambali. Anali ataima ndi mwendo umodzi, chala chikuzungulira kutsogolo kwa nkhope yake. Kamkombero.

Bondo langa linakwera lokha.

Womenya penateyo anadandaula kwa woyimbira kuti onani zimene akuchita uyu. Woyimbira anati lamulo limafuna phazi limodzi pa mzere, ndipo phazi limodzi lilipo. Wezulo.

Anathamanga, n'kuima panjira monga achitira onse amene anamva mbiri yanga, kudikira kuti ndigwe. Ine njo. Iye njo. Anandiyang'ana, ndinamuyang'ana. Anagwedeza phewa kuti mwina ndinyengeka. Ine ndinaphunzitsidwa ndi foni ya a Dokotala kuseri kwa zimbudzi, ndikanatha kuima mpaka mawa. Oimba aja anasiya kuimba. Woyimbira anayang'ana wotchi. Kumbuyo kwa womenyayo ndinaona anzanga atatu nawonso atakweza mawondo, kaya pothandiza kaya pozolowera.

Munthuyo mphamvu zothamangira zinali zitamuthera, kubwerera m'mbuyo sakanatha. Anangoukankha ndi chala cha phazi. Mpira unabwera ukugubuduka, molunjika kwa ine, pang'onopang'ono ngati nawonso ukuchita tayichi. Ndinatsitsa mwendo, kuwerama, n'kuutola.

Zinathera pomwepo, chimodzi kwa chimodzi. A Tcheya akuuza aliyense kuti ndi tebulo, ndipo akufuna kubweretsa lachiwiri. A Dokotala akuti ndi kupuma mozungulira. A Kochi anangondimenya paphewa n'kunena kuti, "Lolemba musachedwe, Madala." Wamtali anavula magolovesi n'kuwabwezera m'pepala lake.

Nditafika pa waya, Kabwana anali akadali pa mwendo umodzi, ukunjenjemera, misozi ili m'masaya. Akuti amaopa kuti akautsitsa woyimbira anena kuti abwereze. Ndinamuuza kuti tsitsa mwanawe, yatha. Anatsitsa, mwendo n'kukana kumunyamula, n'kukhala pansi m'fumbi. Ndinam'bereka mpaka pokwerera basi, thukuta langa lonse lili pa diresi lake.

Lamlungu, 15 Juni

Thupi lonse likuwawa. Kabwana wabwera ndi jezi kuchokera pa chingwe, isanaume bwino, n'kuiika pa mpando. Akuti mawa ndimuperekeze kusukulu, mpaka pageti penipeni, nditaivala.