Munda wa Mpunga Musaupereke

Blantyre,
14 Okutobala.

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi bondo lija lasiya kutupa? Ine kuno thupi lili bwino.

Achemwali anga a Alesi anandiimbira Lachisanu kundiuza kuti mukufuna kubwereketsa munda wathu wa mpunga wa kuchigwa kwa a Makina, poti mwana wanu akulandira zambiri ndipo nthawi yoti mupume yakwana.

Wolakwa ndine. Kalata yondilemba ntchito, imene amalume anawerenga pakhonde anthu akululutira, inati K1,200,000 pamwezi, nanenso ndinakhulupirira. Ntchito yanga ndi yofufuza ngati makampani akupindula kapena akuluza, koma miyezi isanu ndi itatu yatha ndisanadzifufuze ndekha. Ndinachita zimenezo Lamulungu. Ndinabwereza katatu poganiza kuti ndalakwitsa.

Msonkho ndi penshoni zimadya K350,000 ndalamayo isanandifike. Mayeso a ntchitoyi timalipira m'madola, kampani sithandizapo, komabe wosalemba sakwezedwa. Zovala zokaonekera kwa makasitomala, intaneti yogwirira ntchito kunyumba, takisi tikaweruka maminibasi atatha, zonsezi zimachoka m'thumba mwanga. Imatsala K390,000, ndisanalipire nyumba kapena kugula ufa.

Chandidzidzimutsa kwambiri ndi maola. Pangano limati maola 40 pamlungu, koma ndimagwira 63. Nditafunsa za owonjezerawo, abwana anaseka n'kunena kuti anthu a mpando ngati wanga sawerenga maola. Nditagawa ndalama yotsalayo ndi maolawo, ola langa likukwana K1,400 yokha. Amayi, imeneyo sigula ngakhale kilogalamu imodzi ya mpunga umene inu mumakolola.

Pempho langa ndi limodzi: mundawo musaupereke. Mukukumbukira za munda wa azakhali. Wobwereka atalima zaka ziwiri anayamba kunena kuti ndi wake, ndipo mlandu ulipobe. Mayeso a Disembala ndawaimitsa kaye, ndalama yake nditumiza kuti mulembe aganyu owokera ndi opalira, bondolo lipume. Mukawauze a Makina asanafese nazale, chifukwa akangofesa sitidzawachotsanso. Akafunsa chifukwa, musandibisire manyazi. Auzeni kuti mwana wanu wophunzira uja akudalirabe mundawo.

Mundiperekere moni kwa amalume, achemwali ndi alamu, komanso azakhali ku Nazombe.

Ndine mwana wanu,
Edina